Mazira khumi ndi awiri a Sinyora

Ndikukumbukira nkhuku. Musaseke anzanga. Ena amakumbukira tsiku la ukwati, ena tsiku loyamba kukwera basi, koma ine Luwiza ndikatsinzina ndimaona thadzi lamawangamawanga litakhala phee pa mazira, diso limodzi lili pa ine. Zilembo ndinazipeza mochedwa, ku sukulu ya kwacha, ndili kale ndi ana atatu, ndiye ndikulemba pang'onopang'ono ngati kusankha nandolo. Lero ndine gogo, adzukulu awiri, tsitsi likadali lakuda bii, ndimayamika Mulungu. Koma nthawi imeneyo ndinali kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, miyendo ngati bango, pakamwa posatseka.

Tinkakhala kumunsi kwa Likhubula, pa mzere wa tinyumba ta udzu tomwe eni mudzi analola anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki kuti amange. Ine ndinawoloka malire ndili wamng'ono, nditagwira nsalu ya amayi, iwo atasenza mtsuko. Ena anathawa ndi mabulangete, ena ndi wailesi, amayi anga anathawa ndi mtsuko wa madzi womwe anaumba amayi awo, wakuda, wa mizere itatu m'khosi. Madzi a mmenemo ankazizira ngati a m'phiri. Abambo anatsala kwathu. Anati atipeza. Sanatipeze.

Nkhondo itatha, mzere wathu unayamba kuguluka ngati mano a nkhalamba. Lero banja ili lamanga mtolo, mawa lija lagulitsa mbuzi, mkuja wina watsazika. Zitseko ankazula n'kupita nazo, nyumba zinkatsala kukamwa yasa. Ngakhale mphaka yekhayo wa pamzerepo anapita kwawo ali m'thumba. Koma munthu akamasamuka sanyamula makoswe ake. Makoswe a nyumba zonse zija, ataona kuti m'madenga mwawo mulibenso fungo la chakudya, anayang'ana komwe kunkafuka utsi. Utsi unkafuka kwathu kokha. Anabwera ndi ana awo, ndi azakhali awo, ndi apongozi awo omwe.

Tinali ndi kankhokwe kamodzi, momwe munali chimanga chochepa, nandolo ndi makaka a chinangwa. Pambali pake panali khola la nkhuku la timitengo, lomata ndi dothi, lofolera ndi udzu. Nkhuku zinali zitatha ndi chitopa, kunatsala imodzi. Amayi anaitcha Sinyora, ndiye kuti dona pa Chipwitikizi, chifukwa inkayenda monyada ngati mkazi wa bwana wa ku Milanje, tauni ya ku Mozambiki, kuponda apa, kuyang'ana uko, ngati dothi lathu likuidetsa.

Nyengo ya dzuwa itafika, phiri litabisala mu utsi wa moto wolusa, amayi anati akupita kukafunafuna abambo. Sanafune kunditenga. Anati m'njira za kumeneko mukadali mabomba okwirira, ndipo mwana sayenda poyang'ana pansi. Ndinalira, ndinagwira mwendo wawo, ndinalumbira kuti ndidzaponda pomwe iwo aponda. Iwo anangonditengera kukhola. Sinyora anali atayamba kumene kufungatira. Amayi anamunyamula, iye akukalipa, ndipo tinawerenga mazira. Khumi ndi awiri. Anatola khala n'kulemba kamtanda pa dzira lililonse.

"Mwanaka, usamale mazirawa," anatero. "Anapiye akamaswa, ine ndafika."

Anapukuta manja m'chitenje, anasenza kamtolo, n'kutsika njira ya ku Chitakale. Ine ndinatsala ndi mawu amenewo. Ndinawameza ndi minga yomwe. M'mutu mwanga zinalowa chonchi: anapiye ndiwo adzabweretse amayi. Akapanda kuswa, amayi safika.

Anandisiya m'manja mwa amalume, a Jowakimu, mlongo wawo wa amayi. Iwo ankasenza katundu wa alendo kuchoka pa Likhubula kukwera phiri mpaka ku Chambe, pobwerera n'kutsika ndi matabwa pamutu. Ankatha masiku awiri, atatu ali kuphiri. Akatsika ankanunkhira mkungudza ndi thukuta, khosi litauma, mawu atatsala kumwamba komweko. Munthu wabwino, koma kuyankhula kwake kunali kwa mchere wa m'chaka cha njala, kothira ndi nsonga ya chala. Masiku omwe iwo kulibe ndinkakagona kutsidya kwa kamtsinje, kwa mnzanga Esinati, tambala akalira n'kuthamangira kwathu.

Ndipo chaka chimenecho n'chomwe boma latsopano linati sukulu yaulere. Ha, mudzi unakhuthuka. Ana onse, ang'ono ndi aakulu, ena a ndevu zomera kale, onse ankapita m'mawa, mapazi mbuu, makope m'timapepala ta shuga. Esinati ankaima panjira n'kundiitana kuti tiyeni, salipiritsa, ngakhale yunifolomu safunsa. Ine ndinkamuuza kuti ndibwera pakatha masabata atatu. Ankapita. Phokoso lawo linkachepa, kuchepa, mpaka kutha. Akuluakulu anali kuminda ya tiyi kapena kokasosa. Pamzere ponse pankatsala ine, Sinyora, nyenje zolira m'mitengo, ndi nyumba zija zoyasama.

Usiku Sinyora sankasuntha pa mazira, ndipo mlomo wake unali mkondo. Vuto linali masana. Dzuwa likafika pamutu ankatsika kukamwa madzi, kukasamba fumbi, kukatolatola pakhomo. Pa tsiku lachinayi, ndikuchokera kumtsinje, ndinasuzumira m'khola ndipo ndinawerenga khumi ndi limodzi. Ndinawerenganso ndi chala. Ndinafufuza m'maudzu a chisa. Kuseri kwa khola ndinapeza chigoba chokha, chonyambitidwa bwinobwino, kamtanda ka amayi kakuoneka. Ndinakatola kachigobako, ndinakamanga pa nsonga ya nsalu. Mawa lake linasowa lina.

Amalume atatsika, ndinawathamangira ndisanawalandire n'komwe thabwa. Ndinakuwa kuti amalume, makoswe akutha mazira. Anandigwira pakamwa ndi dzanja lawo lokhakhala, n'kundikokera kunjira, kutali ndi nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko ndiko anandinong'oneza kuti zinthu zimenezi zimamva. Ukazitchula dzina pakhomo, kapena ukanena kuti mawa nditchera, zimauzana, ndipo msampha wako udzagwira mphepo. Anati kuyambira lero tiziti alamu. Alamu a m'denga, odya osaitanidwa.

Tsiku limenelo tinagwira ntchito osayankhulana. Anatenga zitini zakale za mafuta ophikira, zomwe tinkalandira tili othawa nkhondo, anazing'amba ndi chikwanje, n'kuveka miyendo ya nkhokwe ngati masiketi oyang'ana pansi, kuti mlamu akakwera aziterereka. Anasadza nthambi yomwe inkakhudza denga la nkhokwe. Anandilozera kuti ndilambule udzu wonse kuzungulira khola, ndisese madeya otayika, ndimate mauna ndi dothi losakaniza ndi magalasi a botolo losweka. Anatchera diwa, mwala waphanthiphanthi wotsamira pa kamtengo, nyambo yake kachidutswa ka chinangwa chootcha. Asanagwire chilichonse ankapaka manja phulusa kuti fungo la munthu lisatsale.

Pomaliza ananditengeranso ku mtengo wa mango kuja. Anati diwa limagwira mmodzi mmodzi, koma pali njira ina ya kwathu. Upeze chidebe chakale, uchikwirire mpaka m'milomo pafupi ndi nkhokwe, uthire madzi theka, pamwamba pa madziwo uwaze gaga wambiri mpaka madzi asaoneke. Mlamu adzaona ngati wapeza phwando, adzalumphira. M'mawa mwake amalume anapinda nkhata yawo n'kubwerera kuphiri, ulendo uno kukakhalitsa. Pochoka anangoika chala pamilomo.

Chidebe chakale tinalibe. Chomwe chinalipo n'chomwe ndinkatungira. Ndinazungulira nyumba zonse zosiyidwa, ndinangopeza mapale ndi nsapato imodzi. Ndinabwerera, ndinaima pakhomo, maso anga anagwera pa mtsuko wa amayi. Ndinauyang'ana, unandiyang'ana. Ndinadziwa kuti ndikaukwirira, palibenso munthu adzamwemo. Koma ndinadzifunsa kuti chabwino n'chiti, mtsuko wopanda amayi kapena amayi opanda mtsuko? Ndinaugubuduza pang'onopang'ono ngati wodwala, ndinakumba, ndinaukwirira mpaka pa mizere itatu ija.

Akuluakulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Sananene za khoswe wogwera m'kati. M'mawa woyamba ndinavuula atatu ndi timitengo tiwiri. Wachiwiri, asanu. Ndinkawataya kudzenje kutali, ndinkathira gaga wina, masana n'kuvundikira ndi lichero kuti Sinyora asapite kukasuzumira. Ndinkafuna kuvina, ndinkafuna kuthamangira kutsidya kukauza Esinati. Koma chala cha amalume chinali pamilomo yanga.

Apa ndiye panali kupusa kwanga, anzanga. Amalume anati ndisatchule dzina. Ine ndinaganiza kuti ngati alamu amamva dzina, ndiye kuti amamva zonse. Akamva ndikuimba adziwa kuti ndakondwa, akadziwa kuti ndakondwa afunsana chifukwa chake, akafunsana atulukira za mtsuko. Ndiye ndinatseka pakamwa. Ine amene amayi ankati ndinabadwa ndi wailesi m'mimba, ine woimbira mbale potsuka, woimbira nkhuni potola, ndinangoti zii. Kusinja ndinasiya, poopa phokoso la mtondo. Poyenda ndinkanyang'ama. Chifuwa chikandigwira ndinkathamangira ku mtengo wa mango kukatsokomolera kumeneko.

Masiku amenewo anali aatali ngati njira ya ku Chambe. Ndinkakhala pamthunzi wa nkhokwe, mawondo pachibwano, kuyang'ana khomo la khola. Dzuwa linkaswa mtengo. Mphepo ikabwera kuchokera kusukulu inkanditengera timawu ta ana akuloweza, kutali, ngati madzi oyenda pansi pa miyala, kenako inkatembenuka n'kupita nato. Ndinkamva mimba yanga ikulira. Ndinkamva chiswe chikudya denga la nyumba ya anthu omwe anapita. Nthawi zina buluzi ankabwera kudzagwedeza mutu pamwala, ndipo ine ndinkamugwedezeranso, poti analipo yekha wondipatsa moni. Chakudya ndinkadya chozizira, chinangwa cha dzulo, ndili chiimire. Madzulo kwa Esinati ankandifunsa ngati ndikudwala. Iye ankalemba zilembo pansi ndi chala kuti andionetse, ine maso ali pa zilembo, mtima uli m'khola.

Ndipo mazira ankapitabe. Khumi. Asanu ndi anayi. Asanu ndi atatu. Mumtsuko munkagwa ana ndi opusa okha. Akuluakulu enieni ankaulambalala. Ndinkalondera khomo la khola, iwo ankalowera kudenga. Ndinkamata una uwu, ankaboola wina. Zigoba za pa nsalu yanga zinachuluka mpaka zinkalira tswatswa ndikamayenda. Dzira lililonse likapita ndinkaona amayi akubwerera m'mbuyo pamsewu, akuchepa, akuchepa.

Sabata yachiwiri ikutha, atatsala asanu ndi awiri, ndinati lero ndilowa momwemo. Sinyora atatsika kukasamba fumbi, ndinakwawira m'khola, ndinadzipinda pakona, zitosi zikununkha, utitiri ukundiyenda m'khosi. Sindinagwedezeke. Ndinapuma pang'onopang'ono. Kuwala kunkalowa m'ming'alu ngati timizere ta ufa.

Posakhalitsa udzu wa denga unagwedera. Anatsika ndi nsichi, mutu pansi, wamkulu ngati mwana wa mphaka, wotuwa msana, mchira wake wodukira pakati. Anthu amati makoswe akamaba dzira, mmodzi amagona chagada atalikumbatira, mnzake n'kumukoka mchira. Ine zimenezo sindinazione. Uyu anali yekha ndipo sankafuna womuthandiza. Anaima, ananunkhiza, anandiyang'ana. Anandiyang'ana ine, maso ndi maso, kenako anapitiriza ulendo wake ngati waona chitsa. Anakwera pachisa, analowetsa mphuno pansi pa dzira, n'kuyamba kulikankha ndi chibwano, kulibweza ndi timanja, mosafulumira, ngati munthu wogubuduza dzungu m'munda mwake.

Ndinali pafupi moti ndikanamugwira. Koma m'mutu munali nkhondo. Ndikakuwa, amva. Ndikakhala chete, atenga. Ndili mkati moganiza, dzira linafika m'mphepete mwa chisa, linagwa, phwa. M'kati munali kale kamwanapiye, konyowa, ka maso aakulu otseka, kakugwedeza mwendo umodzi.

Pamenepo ndiye ndinazindikira. Pakhomo pathu panalibe mtondo, panalibe nyimbo, panalibe kukuwa kwa mwana. Kwa makoswe, nyumba yathu inali itasanduka ngati zinzake zija. Ankaona ngati nafenso tinapita. Ndinali nditabisala bwino kwambiri moti ngakhale khoswe sankadziwa kuti padziko pali Luwiza.

Mawu anatuluka okha. Sikunali kukuwa, sikunali kulira, kunali zonse pamodzi, ndipo kunatuluka ndi nyimbo yake. Ndinamutchula dzina lake lenileni.

Khoswe iwe, khoswe iwe, pano pali anthu,
pano sipabwinja, pano pali ine.
Amayi anapita koma anasiya mwana,
mwana ali ndi pakamwa, khoswe iwe, tamva.

Wamchira woduka anauluka. Sindinaone ngakhale pomwe anatulukira. Sinyora anabwera akuthamanga, mapiko tambalale, anandijompha pabondo, n'kukhala pa mazira asanu ndi limodzi otsalawo. Ine ndinatuluka, ndinakakwirira kamwanapiye kaja pansi pa nthochi, ndikuimbabe, mamina ali chuchuchu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasamutsira moyo wanga wonse pakhola. Mtondo ndinaukokera pomwepo. Mbale ndinkatsukira pomwepo. Sinyora akangotsika, ine ndinkakhala pakhomo la khola ndi chitini ndi kamtengo, n'kuyamba. Ndinkaimba za kutchalitchi, zikatha za pamtondo, zikatha za Chilomwe zomwe amayi ankaimba ndisakuzimvetsa bwino, zikatha ndinkangoimba zomwe ndikuona. Uyo buluzi wadutsa, ilo tsamba lagwa, amalume ali kuphiri khosi lawo lauma. Ndinkauza makoswe zonse, za mtsuko zomwe, ndinkawaitana kuti bwerani mudzasambe. Ndipo ankagweramobe.

Amalume anandipeza ndili pakati pa nyimbo ya khoswe. Anaima ndi thabwa pamutu, akundiyang'ana. Ndinawafotokozera zonse mothamanga, za kukhala chete kuja, za wamchira woduka, ndi kuti papita masiku atatu osasowa dzira. Anatula thabwa. Anasuzumira m'khola. Anapita pa nkhokwe, anavundukula lichero, anaona mizere itatu ija, anagwira pakamwa.

"Ine ndinati usawatchule," anatero. "Sindinati ufe."

Ndinafunsa ngati ndisiye kuimba. Anati chomwe chagwira ntchito sachifunsa mtundu wake, koma za mtsukowo ndidzayankhe ndekha kwa mwini wake, iwo kudzakhala kulibe, adzakhala ali ku Chambe.

Anapiye anaswa Lachisanu m'mawa. Ndinamva tiyo, tiyo pansi pa mapiko, ndipo timitu tinayamba kusuzumira. Asanu. Dzira limodzi linasukusa. Ndinavina ndekha pabwalo mpaka fumbi linakwera. Ndinasesa pakhomo kawiri. Ndinatunga madzi, ndinaphika nandolo wa anthu awiri, ndinasamba, ndinadzola mafuta a nsatsi, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, pomwe njira imaonekera mpaka pokhota.

Anadutsa amayi ena ndi nkhuni. Anadutsa bambo wa njinga. Ana a sukulu anabwerera. Dzuwa linapendeka, linakhudza mitengo, nandolo anazizira.

Loweruka ndinavundikira Sinyora ndi ana ake ndi dengu lalikulu, ndinatsika wapansi mpaka pa Chitakale. Ndinaima pa siteji kuyambira m'mawa. Galimoto iliyonse yochokera ku Muloza ndinkaithamangira, kuyang'ana zitenje za otsika. Mayi wina wogulitsa nthochi anandifunsa kuti ndikudikira yani. Nditamuuza kuti amayi, poti anapiye aswa, anandiyang'ana, sanaseke, anandipatsa nthochi ziwiri n'kunena kuti ndizipita kusanade.

Ndinaganiza kuti mwina asanu achepa. Amayi anasiya khumi ndi awiri, ine ndapereka asanu, nanga munthu angabwerere zimenezo? Kenako ndinadzitonthoza kuti iwo sananene kuti mazira ake ati. Sinyora adzaikiranso. Amalume anandiuza kawiri kuti ndipite kusukulu, masabata atatu aja anatha kale. Ndinati anapiye akadali aang'ono, kuli akabawi kumwamba, kuli alamu pansi. Sanandikakamize. Esinati anasiya kuima panjira.

Mvula inagwa. Nyumba zosiyidwa zija zinagwada imodzi imodzi. Udzu unamera m'zipinda, unameza njira, unatalika kundiposa. Anapiye anamera michira, awiri anakhala atambala. Chimanga chathu chitamasula ngayaye, Sinyora anakhaliranso mazira, asanu ndi anayi. Ndinawalemba mitanda ndekha ndi khala. Ndinakhalanso pakhomo la khola ndi chitini changa.

Linali tsiku wamba, mazira asanathe ndi sabata ziwiri zomwe. Dzuwa linali pamutu, nthaka ikufuka nthunzi mvula itangokata. Ndinali nditagwada pa mtsuko, ndikuvuula khoswe ndi timitengo, ndikumuimbira nyimbo yotsazika. Udzu unagwedera kumbuyo kwanga. Ndinacheuka. Panaima mayi woonda, wometa mpala, mapazi otupa, m'manja atagwira khasu lopanda mpini.

Ndinawazindikira ndi chitenje.

Sindinathamange. Iwo ndiwo anabwera, anakhala pansi pamatope pomwepo, anandikokera pamiyendo pawo ngati khanda, timitengo tikadali m'manja mwanga. Anati anasochera. Anati atafika pamzere sanaone nyumba, sanaone njira, udzu wokhawokha, ndipo mtima unawauza kuti tonse tinapita. Anali atatembenuka kale kuti akafunse ku Likhubula pomwe anamva munthu akutukwana khoswe moimba. Anati padziko lonse pali mwana mmodzi yekha wotero.

Kenako anaona mtsuko. Anauyang'ana, anayang'ana khoswe wonyowa uja, anandiyang'ana ine. Ndinagwetsa timitengo tija. Iwo anati mtsuko umenewu anausenza masiku anayi m'tchire, zipolopolo zikulira, osadziwa kuti akusenzera makoswe bafa. Anaseka. Kuseka kuja kunapitirira mpaka kunasanduka china, ndipo anaika khasu lija patsogolo panga. Linali la abambo. Anawapeza, anatero, agona pansi pa mtengo wa mkuyu kumudzi kwathu, anthu anawalozera malo ake. Anakhala kuti alambule manda ndi kuchita mwambo, kenako malungo anawagwetsa miyezi iwiri kwa achibale.

Nkhuku zisanu zija zinabwera kudzatola gaga pafupi nafe. Ndinamasula nsonga ya nsalu yanga, ndinawaonetsa zigoba zija, zitaperepeseka ngati mchenga. Ndinati pepani amayi, ndinasamala koma anaswa asanu okha, n'chifukwa chake munachedwa. Anandifunsa kuti ndikunena chiyani. Ndinawakumbutsa kuti munati anapiye akamaswa mwafika.

"Ndinatero kodi?"

Anafunsa choncho, anzanga, ndi nkhope yoona. Sankakumbukira. Anayang'ana khola, mtondo uli pakhomo pake, chitini chophwanyika ndi kumenya, malo omwe matako anga anasalaza pansi. Anafunsa ngati ndinkapita kusukulu limodzi ndi anzanga. Ndinapukusa mutu. Anatenga nkhope yanga m'manja awo awiri.

"Mwanaka, ine ndinangofuna kuti usiye kulira."

Kusukulu ndinapita chaka chotsatira, koma ndinali wamtali pakati pa tiana, Esinati ali patsogolo, ndipo amayi sanapezenso mphamvu zolimira okha. Ndinakhalako pang'ono n'kusiya. Sindiwaimba mlandu. Munthu wopita kukafuna mwamuna wake pakati pa mabomba amanena chilichonse kuti mwana amasule mwendo.

Lero pamzere paja pali nyumba za njerwa, ena mwa ife tinakhala konkuno ndipo ndife a kuno. Khola langa ndi la waya, lofolera ndi malata, miyendo yake ndinaiveka zitini monga anachitira amalume. Pa Chitakale amagulitsa mankhwala a makoswe m'timapepala, ndi zomata zomwe khoswe akaponda sachoka. Ine mankhwala sindiika pomwe pali nkhuku ndi adzukulu. Ana a masiku ano mayi akachoka amamuimbira foni, amamva mawu ake ali ku Joni, sawerenga mazira. Zinthu zinasintha, ndipo zina zinasintha bwino.

Koma ine ndikamachoka, ngakhale kungopita kumaliro kutsidya, mdzukulu akandigwira mwendo, sindimuuza kuti ndibwera mango akapsa kapena mwezi ukaoneka. Ndimagwada, ndimamuuza kuti sindikudziwa tsiku, koma iwe uzipita kusukulu, nkhuku zili ndi Mulungu wake. Akalira, alire. Misozi imauma msanga kuposa lonjezo.

Amayi anagona zaka zapitazo. Mtsuko ulipo, kuseri kwa khola, wokwiriridwa mpaka pa mizere itatu, ndipo ukugwirabe ntchito yomwe ndinaupatsa. Dzuwa likafika pamutu, ana onse ali kusukulu, mudzi uli zii, thadzi langa likatsika kukasamba fumbi, ndimakoka mpando n'kukhala pakhomo la khola. Anthu odutsa amati gogo uja wayambanso, chimamukondweretsa n'chiyani? Ine ndimangokweza mawu. Makoswe adziwe kuti pano pali anthu. Ndipo ngati pali wina wasochera mu udzu, amve.